Pinot Noir: Mafunso ndi Mayankho

Kodi mphesa imeneyi kwawo ndi kuti?

Kwawo ndi ku Burgundy, m'dziko la France. Amonke a chipani cha Cistercian, omwe anamanga mpanda wa munda wa Clos de Vougeot, anailima kwa zaka mazanamazana, akumazindikira kuti ndime iyi ikutulutsa vinyo wosiyana ndi wa ndime yoyandikana nayo. Mu 1395, Philip the Bold, wolamulira Burgundy, analamula kuti mphesa za Gamay zizulidwe kuti Pinot Noir ipeze malo.

Nanga bwanji alimi amadandaula nayo?

Ndi mbewu yosachedwa kunyanyala. Khungu lake ndi lopyapyala, ndipo zipatso zimathithikana pa tsango. Mvula ikachuluka zimaola. Dzuwa likanyanya zimapsa mwaphuma, fungo n'kuthawa. N'chifukwa chake imakonda madera ozizira ngati Oregon ku America, Central Otago ku New Zealand, ndi Germany.

Vinyo wake amaoneka wosukuluka. Kodi si wamadzimadzi?

Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. Kufiira kwa vinyo kumachokera ku khungu, ndiye khungu lopyapyala silingapereke vinyo wakuda bii ngati Cabernet Sauvignon. Mphamvu ya Pinot Noir ili m'mphuno. Akali watsopano amanunkhira sitiroberi ndi zipatso zina zofiira. Akagonera zaka amayamba kumveka bowa ndi dothi lonyowa. Sawumitsa m'kamwa. Ine ndimaona kuti womwa mothamanga amangotaya ndalama, pakuti vinyo ameneyu amafuna kumununkhiza kaye.

Kodi n'zoona kuti ndi wodula zedi?

Wa minda ina, inde. Mu 2018, botolo limodzi la Romanée-Conti la 1945 linagulidwa pa madola 558,000 pa okushoni ya Sotheby's ku New York. Munda wake sukwana n'komwe mahekitala awiri.

Kuno ku Africa mphesayi imalimidwa?

Imalimidwa ku South Africa, makamaka m'chigwa cha Hemel-en-Aarde pafupi ndi Hermanus. Inaberekanso mwana: mu 1925, Abraham Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch anaikwatitsa ndi mphesa ya Cinsaut, n'kutuluka mphesa ya Pinotage.

Timwe bwanji?

Wozizira pang'ono, pa madigiri 14 mpaka 16, m'tambula yotakasuka pakati. Amayenda bwino ndi nkhuku yootcha, bakha kapena ndiwo za bowa. Tsabola wambiri amamuphimba.