Digiri ya Makompyuta Payokha Siyokwanira

Ophunzira athu a Fomu 4, ena mwa inu mukufuna kukaphunzira za makompyuta ku yunivesite. Kumeneko mukakumana ndi ma algorithm, mawu ochokera ku dzina la al-Khwarizmi, katswiri wa masamu wa ku Baghdad wa zaka za m'ma 800. Amenewa ndi maziko, musawapeputse.

Koma wolemba ntchito amafunsa zina. Kodi mumadziwa Git? Mungakonze pulogalamu imene analemba munthu wina, iye atachoka kale? M'kalasi mumalemba nokha, aphunzitsi n'kuchonga, basi zatha. Kuntchito pulogalamu imodzi amaisintha anthu ambiri kwa zaka. Choncho tchuthi chino yambani Python, ngakhale pa foni, ndipo muziika zimene mwalemba pa GitHub, pomwe olemba ntchito angazione.