Mtengo usamakoma pokwera pokha

M'nkhalango za ku Michigan, kumpoto kwa United States, mwezi wa Januwale ndi nthawi imene alenje osaka coyote amalawira kudakali mdima. Coyote ndi mbale wa galu ndi mmbulu, ndipo maonekedwe ake sasiyana kwenikweni ndi a nkhandwe, kungoti iye ndi wamkulupo. Kale ankapezeka makamaka m'madera a udzu ndi m'zipululu za pakati ndi kumadzulo kwa North America. Anthu atapulula mimbulu n'kugwetsa nkhalango kuti atsegule minda, coyote anapeza danga, ndipo m'zaka za m'ma 1900 anafalikira mpaka kugombe la kum'mawa. Lero akupezeka m'zigawo zonse za United States kupatula Hawaii. Alimi amamuda chifukwa amagwira ana a nkhosa ndi nkhuku, pomwe ena amamusaka pofuna chikopa chake, chimene ubweya wake umathithikana m'nyengo yachisanu.

Kumusaka m'nkhalango si ntchito yamasewera. Pansi pamakhala zitsamba zowirira moti mlenje saona patali, chonsecho coyote amamva fungo la munthu asanamuone n'komwe. Mlenje amaliza kachipangizo kotsanzira kulira kwa kalulu wovulala, koma coyote akamva sabwera molunjika. Amayamba wazungulira mbali imene mphepo ikulowera kuti anunkhize chimene chilipo. N'chifukwa chake alenje ena amakwera pansanja zachitsulo zomangirira mumtengo, zomwezo zimene amasakira agwape, pamtunda wa mamita 5 kapena 6. Ali pamenepo amaona kuseri kwa zitsamba, ndipo chipolopolo chikaphonya chimalowa m'nthaka m'malo mouluka m'nkhalango. Nzeru yake ndi yomveka, koma nsanja zomwezi ndi zimene zapundula alenje ambiri m'dzikolo.

Mlenje amene tikambe za iye pano tisamutchule dzina, poti nkhani yake ikufanana ndi za anzake ambiri amene amafikitsidwa kuchipatala chaka ndi chaka. Anali bambo woweta nkhosa, wozolowera kukwera m'mitengo ndi mfuti kuyambira ali mnyamata. Khalidwe la coyote ankalidziwa bwino lomwe: njira zimene amadutsa, nthawi imene amalira, mbali imene angatulukire mphepo ikamachokera kumadzulo. Chimene anasiya kuchiyang'ana ndi mtengo umene ankakhalamo.

Imodzi mwa nsanja zake anaimangirira mumtengo wa ash kumapeto kwa munda wake, ndipo inakhala momwemo zaka zingapo osatsitsidwa. Malamba a nayiloni ogwira nsanjayo ndi zopondera zake anawombedwa ndi dzuwa, kunyowa ndi mvula, kuuma ndi chisanu, agologolo n'kumawatafunako m'mbali. Mtengowo nawo unali utafa. M'chaka cha 2002, pafupi ndi mzinda wa Detroit, kunapezeka kachilombo kobiriwira kochokera ku Asia kotchedwa emerald ash borer. Mphutsi zake zimadya kunsi kwa khungwa n'kudula njira za madzi ndi chakudya cha mtengo, ndipo zapha mitengo ya ash mamiliyoni ambirimbiri. Zizindikiro zinalipo poyera: timabowo tooneka ngati chilembo D pakhungwa, ndi zigamba zotuwa pamene agogomole anasenda posaka mphutsi. Koma m'nyengo yachisanu mitengo yonse yoyoyoka masamba imakhala mbee, wamoyo ndi wakufa womwe, ndipo munthu wofika mumdima ndi tochi ya pachipumi sasiyanitsa.

M'mawa umenewo mkazi wake anamufunsa adakali ndi tulo kuti, "Bambo, lero mukulowera kuti?" Iye anangoti, "Pompano, ndibwera dzuwa likatuluka." Nsanja anali nazo zingapo m'nkhalangomo, ndipo sanatchule imene akupita.

Anakwera bwinobwino. Atafika pamwamba anakoleka lamba wake wachitetezo kumtengo, monga ankachitira nthawi zonse, n'kupachika chikwama panthambi, foni ili momwemo. Anakhala phee pafupifupi maola awiri, kuzizira kukulowa m'mafupa. Kutayamba kuyera, coyote anatulukira chakumbuyo, akuyenda monyang'ama m'chipale chofewa. Bamboyo anatembenuka pang'onopang'ono, nawomba, nyama n'kugwa pomwepo.

Chimwemwe chinamuiwalitsa kuti miyendo yake yachita dzanzi ndiponso kuti zala zauma ndi chisanu. Anakoleka mfuti paphewa, namasula lamba uja kumtengo, poti unali waufupi ndipo sakanatsika nawo. Kwa iye ntchito inali itatha, kwatsala kutola nyama basi. Anaponda chopondera choyamba. Lamba wa choponderacho unali utagwira khungwa lofumbwa limene linali litalekana kale ndi thunthu. Khungwa linasendeka, lamba wothaitha uja unaduka, ndipo dzanja lake limodzi linali pa mfuti.

Munthu wogwa kuchokera pa mamita 6 amafika pansi patangodutsa sekondi imodzi, pa liwiro la pafupifupi makilomita 39 pa ola. Palibe mpata wogwira nthambi kapena wokonza kagwedwe. Bamboyo anagwera chagada panthaka youma gwa ndi chisanu. Atatsitsimuka anayesa kudzuka, koma miyendo sinamumvere. Foni inali pamwamba m'chikwama, akuiona koma osaifikira. Anakuwa mpaka mawu anasasa. Mkazi wake ataona kuti dzuwa lakwera, anaitana mnansi, ndipo anayamba kufufuza kunsanja ina kutali ndi kumene iye anali. Anamupeza masana potsata mapazi ake m'chipale chofewa, thupi litazizira kwambiri. Madokotala anapulumutsa moyo wake, koma fupa la msana linali litathyoka n'kuwononga mtsempha waukulu wa mkati mwake. Kuyambira pamenepo amayendera njinga ya olumala, ndipo nkhosa zija anagulitsa.

Akuluakulu anati mtengo usamakoma pokwera pokha. Ophunzitsa alenje ku America amanena chimodzimodzi, kuti ngozi zambiri za pansanja zimachitika munthu akukwera, akutsika, kapena akudumphira kuchoka pamakwerero kupita pansanjapo, nthawi yomwe alenje ambiri amakhala asanadzimange kapena atadzimasula kale. Bambo uja sanali wosasamala m'zonse. Lamba anali nawo ndipo anauvala. Unamuteteza maola awiri amene anakhala chete, koma pa mphindi yoopsa kwambiri anali atauchotsa yekha.

Chimene chikanamupulumutsa n'chotsika mtengo kuposa mfuti yake. Ndi chingwe cholimba chomangidwa pamwamba pa nsanja n'kutsetsereka mpaka patsinde, chokhala ndi mfundo yotchedwa Prusik, dzina la Karl Prusik, wokwera mapiri wa ku Austria. Mlenje amakoleka lamba wake pamfundoyo adakali pansi. Akamakwera kapena kutsika amaisuntha ndi dzanja, koma akaterereka, kulemera kwa thupi kumaichititsa kuluma chingwe, iye n'kulendewera m'malo mogwa. Lamba woyenera ndi wogwira thupi lonse, mapewa, chifuwa ndi ntchafu. Wa m'chiuno mokha, umene ankavala alenje akale, ukhoza kumutembenuza munthu chadodolido kapena kumufinya mpaka kubanika.

Kulendewerako nakonso kuli ndi ngozi yake. Munthu akakhalitsa m'malere, malamba a m'ntchafu amapanikiza mitsempha, magazi n'kudzadza m'miyendo osabwerera bwino kumtima, ndipo akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene. Choncho mlenje ayenera kukhala ndi kalamba kena m'thumba lofikirika, koti akakolowetse n'kupondapo kuti miyendo izigwira ntchito pamene akuyesa kubwerera pamakwerero kapena kudikira thandizo.

Zotsalazo ndi mwambo wa tsiku ndi tsiku. Mfuti sikwera kapena kutsika paphewa: imachotsedwa zipolopolo, n'kukokedwa ndi chingwe china mlenje atakhazikika, ndipo imatsitsidwa iye asanayambe kutsika. Pamakwerero, manja awiri ndi phazi limodzi, kapena mapazi awiri ndi dzanja limodzi, zizikhala zitagwira nthawi zonse. Wokhalitsa m'chisanu ayambe waongola miyendo ndi kutenthetsa zala asanasunthe. Foni ndi wenzulo zikhale pathupi. Nsanja izitsitsidwa nyengo yosaka ikatha, malamba aziyang'anidwa masana ndipo othaitha atayidwe. Mtengo usankhidwe nthawi ya masamba, pamene wamoyo amaoneka kuti ndi wamoyo.

Chovuta pa malangizo onsewa n'chakuti amene amawanyozera kwambiri ndi akatswiri. Wongoyamba kumene amaopa kutalika kwa mtengo, ndipo manthawo amamusunga. Wozolowera wakwerapo kambirimbiri osagwa, ndiye amayamba kuona chingwe ngati chotayitsa nthawi. Ngati muli ndi mwamuna, mchimwene kapena mnzanu wotere, musachite naye manyazi. Mufunseni mtengo weniweni umene akupita ndi ola limene abwerere, ndipo muoneni ndi maso kuti wanyamula lamba ndi chingwe. Ndipo inu alenje, dzimangeni phazi lisanachoke pansi, mudzimasule mapazi onse awiri atabwereranso pansi. Coyote amene wakuthawani lero chifukwa munachedwa ndi mfundo mudzamupeza sabata yamawa, koma mtsempha wa msana ukaduka palibe dokotala amene angaulumikize.