Makalata a omvera: Ulendo wa pa sitima wopita ku Antarctica

Kalata yalero yachokera ku Cape Town, kwa bambo ena ogwira ntchito kudoko. Akuti amaona sitima ya S.A. Agulhas II ikunyamuka kulowera kum'mwera, ndiye akufunsa ngati munthu wamba angakwere nawo kukaona Antarctica.

Bambowa afunsa bwino, koma sitima imeneyo ndi ya akatswiri ofufuza za sayansi. Alendo ambiri amakwerera ku Ushuaia, m'dziko la Argentina, kuyambira Novembala mpaka Marichi, kuzizira kukachepako. Masiku awiri oyamba amathera pa Drake Passage, ndipo apa mpamene pagona nkhani: nyanja ikalusa, mbale zimaseleleka pathebulo, anthu n'kumayenda chogwirira zitsulo zam'mbali. Woopa chizungulire angathe kukwera ndege ku Punta Arenas, kukatera pa King George Island n'kupeza sitima komweko, kungoti m'thumba mumapepuka kwambiri.

Posankha, bambowa ayang'ane kukula kwa sitima asanatengeke ndi kukongola kwa chipinda. Malamulo a IAATO, bungwe la makampani otengera alendo ku Antarctica, salola anthu oposa 100 kutsikira kumtunda nthawi imodzi, ndipo sitima yonyamula anthu oposa 500 sitsitsa ndi mmodzi yemwe; onse amangoonera patali. Yaing'ono ndiye yabwino. Timaboti ta Zodiac timakocheza pagombe, jombo zitayamba zatsukidwa ndi mankhwala, munthu n'kuima mamita osachepera 5 kuchokera pamene pali mbalame za penguin.

Ngati bambowa ali ndi milungu itatu, awonjezerepo chilumba cha South Georgia, kumene kuli manda a Ernest Shackleton, wofufuza malo ku Antarctica, ku Grytviken.