KABVALIDWE KA AMUNA PA MADYERERO NDI PA MISONKHANO YA ULEMU

Nyengo ya masika ikapita, cimanga ciri m'nkhokwe ndi mtedza wagulitsidwa, m'midzi yozungulira Chipata muyamba kumveka nthungululu za maukwati. Ndiyo nyengo imene amuna ambiri asauka mtima ndi funso limene acita nalo manyazi kufunsa anzao: Kodi ndibvale ciani? Ena agwa m'ngongole ya kaloba cifukwa ca suti ya tsiku limodzi; ena atsala kunyumba osapita ku ukwati wa mwana wa mlongo wao, poopa kusekedwa. Onsewa asautsika cifukwa ca kusadziwa, pakuti nkhaniyi siri yobvuta monga aiyesera.

Cobvala ca pa phwando cinena mau kwa mwini phwando mlendo asanatsegule pakamwa. Makolo anacidziwa ici nsaru za m'sitolo zisanafike. Pakati pa Angoni cikopa ca mkango kapena ca kambuku sicinali ca munthu wamba, ndipo wocibvala popanda udindo anali kudziyesa mfumu. Suti ndi tayi zinafika m'mbuyo, atagonjetsedwa ankhondo a Mpezeni m'caka ca 1898, ndi kumangidwa kwa boma la Fort Jameson, limene lero ndi Chipata. Msonkho unaturutsa anyamata m'midzi kunka ku Walale, ku Joni ndi ku migodi ya mkuwa. Pobwerera anadza ndi jekete ndi cipewa m'bokosi, ndipo aphunzitsi ndi akalaliki a pa boma anakhazikitsa mwambowo. Cotero mwamuna wa kuno ali nayo miyambo iwiri ya kabvalidwe, ndipo ayenera kudziwa tsiku la uwu ndi tsiku la uwo.

Khadi loitanira ku phwando la m'tauni kawiri kawiri likhala ndi mau a Cingerezi pansi pace, ndipo ndi pomwe ambiri apunthwa. Likati Lounge suit, kapena Formal, litanthauza jekete ndi buluku za nsaru imodzi, malaya a manja atali okhala ndi kolala, tayi, ndi nsapato zacikopa zopukutidwa. Nsaru yakuda, yotuwa modera, kapena ya buluu wodera iyenera ponse, ku ukwati, ku bwalo la milandu ndi ku maliro. Cifukwa cace munthu wa suti imodzi asanyengedwe ndi nsaru yowala ngati nthenga za mbalame, imene idzamtumikira tsiku limodzi lokha. Jekete liyesedwa pa mapewa: msoko uthere pomwe phewa lithera, pakuti telala akhoza kufupikitsa manja ndi kucepetsa m'ciuno, koma mapewa ndi obvuta kukonza. Tayi ifike pa lamba, buluku likhudze nsapato osakwekwereka pansi, ndi masokosi akhale odera. Oyera ndi a ku mpira. Batani la pansi la jekete silimangidwa, ndipo pokhala pa mpando amasula onse. Kansaru kolembedwa dzina la wosoka kamene kapezeka pa mkono wa jekete latsopano kayenera kucotsedwa. Alipo ena akasiya dala kuti anthu awerenge, osadziwa kuti odziwa mwambo aseka cam'mimba.

Mau amene asokeretsa koposa ndi Black tie. Munthu womva Cingerezi pang'ono aganiza kuti afunika tayi yaitali yakuda, nabvala imeneyo. Koma pa mwambo wa Angerezi tayi yaitali yakuda ndi ya maliro. Black tie ndi cobvala ca madzulo: jekete lakuda lonyezimira m'mbali mwa cifuwa, malaya oyera, ndi katayi kakuda komangidwa ngati gulugufe pakhosi. Cinayambira ku London m'caka ca 1865, pamene mwana wa Mfumukazi Victoria, amene anadzakhala Mfumu Edward VII, anasoketsa jekete lalifupi lodyera cakudya ca madzulo. Amereka acichula tuxedo. Munthu wa ku Kasenengwa kapena ku Vubwi angathe kukalamba osalandira khadi lotere. Akalilandira, suti yakuda, malaya oyera ndi katayi kobwereka zimkwanira, ndipo kugula cobvala conse nkutaya ndalama za feteleza.

Smart casual inena kuti tayi siifunika: buluku losita, malaya a kolala olowetsedwa mkati, ndi nsapato zotseka. Kabudula, mapatapata ndi malaya a mpira siziwerengedwamo.

Dziko la Zambia liri nayo suti yace yace. Dr Kenneth Kaunda, Mtsogoleri wa dziko kuyambira 1964 kufikira 1991, ankabvala jekete lopepuka la matumba anai, lopanda tayi, ndi buluku la nsaru yomweyo, nagwira kampango koyera m'dzanja. Ndipo cobvalaco cichedwa ndi dzina lace m'maiko ambiri a Afrika. M'kutentha kwa mwezi wa Okutobala, makamaka ku cigwa ca Luangwa, ciposa suti yaubweya imene inasokedwera cisanu ca ku Ulaya. Koma si ponse cilandiridwa: m'mwezi wa Novembala 2023 Nyumba ya Malamulo ya ku Kenya inaciletsa m'misonkhano yace, cinkana Mtsogoleri wa dzikolo William Ruto ankacikonda. Cotero khadi likachula suti ndi tayi, wofuna kubvala ca Kaunda ayambe wafunsa mwini phwando. Akuluakulu akumbukiranso masiku a Dr Banda ku Malawi, pamene kabvalidwe kanalowa m'malamulo a boma kuyambira 1973, ndipo mnyamata wa tsitsi lalitali kapena wa buluku lotambalala kumapazi ankabvutika pa cipata ca Mchinji. Malamulowo anatha pamodzi ndi ulamuliro wa cipani cimodzi. Cotsala tsopano ndi ulemu wokha, umene ulibe apolisi.

Pa miyambo ya mafumu zinthu zitembenuka. Ku Nc'wala ya Angoni, imene inaukitsidwa m'caka ca 1980 nicitika ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, wobvala mokwanira ndiye wa zikopa, nthenga kumutu, cishango ndi cibonga. Wa suti ndi mlendo cabe wokhala mu msasa. Mlendoyo asadziveke zikopa zacifumu pofuna kujambulidwa, ndipo adziwe kuti kambuku ndi nyama yotetezedwa, cikopa cace sicisungidwa popanda cilolezo ca boma. Ku Kulamba kwa Acewa, ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa Ogasiti, kumene mafumu a ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique adza kwa Kalonga Gawa Undi, malaya a citenje osokedwa bwino ayenera ndithu. Koma malaya a nkhope ya munthu wandale asiyidwe kunyumba. Pa mwambo, pa ukwati ndi pa maliro agawanitsa anthu amene anadza kudzakhala amodzi. Pamaso pa mfumu, m'nyumba yopemphereramo ndi kumanda, mwamuna abvula cipewa, ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Pa ukwati pali lamulo limodzi losalembedwa pa khadi: mlendo asapose mkwati. Ankhoswe ndi atate a mbali zonse ziwiri abvale mwaulemu, pakuti maso a anthu ali pa iwo poima kulangiza ana. Koma mnyamata wofika ndi suti yoyera ndi duwa pacifuwa, kotero kuti ocokera kutali amuyesa mwini mkazi, wacita mwano ngakhale sananene kanthu. Eni ukwati naonso acenjere posankhira aperekezi nsaru yamtengo wapatali, cifukwa ubwenzi wambiri wafera pa ndalama za yunifomu.

Wosowa suti asatsale kunyumba. Pa msika wa Kapata, m'milu ya salaula imene a ku Malawi aicha kaunjika, mupezeka majekete olimba, ndipo telala wa pakhonde awakonza tsiku limodzi. Wogula aone m'khwapa, m'kolala ndi m'matumba, ndi kuliyang'ana padzuwa, pakuti mumthunzi nsaru yofwifwa ioneka yatsopano. Ngati ngakhale zimenezi zakanika, malaya oyera ocapidwa ndi buluku losita zilowa pa ukwati uli wonse wa m'mudzi, ndipo kubwereka jekete kwa malume si camanyazi, malinga libwezedwe loyera. Posita ndi simbi ya makala ayale kansaru konyowa pamwamba pa suti, kuti isanyezimire ndi kupsa. Woyenda pa njinga apinde jekete ndi malaya m'citenje, amange mwendo wa buluku kuti cheni lisaudye, ndipo akabvalire kwa mbale pafupi ndi pa phwando, atasamba pfumbi la m'njira.