Filimu Imodzi, Manja Ambiri: Pulogalamu Iti Ingatithandize?

Anzanga, tikamaonera filimu ya Shemu Joyah ngati Seasons of a Life ya mu 2008, kapena The Boy Who Harnessed the Wind yomwe anakajambulira kwa anansi athu ku Kasungu, timayamikira osewera ndi wogwira kamera basi. Pali ntchito ina yobisika imene imachitika kujambula kukatha: kudula zithunzi za maola ambirimbiri, kutaya zosafunika, n'kulumikiza zotsalazo kuti nkhani imveke. Eni ake amati editing. Ifeyo a kuno ku Kasiya tingaiyerekeze ndi kusankha fodya m'chigafa. Masamba onse ndi a munda umodzi, koma wina amasankha, wina amamanga, wina amadinda belo, ndipo mmodzi akasokoneza milu, onse alira nawo kumsika.

Filimu yaikulu saikonza munthu mmodzi. Pamakhala wodula zithunzi, wokonza mawu, wokonza mitundu, ndi wolemba mawu apansi omasulira Chichewa. Ndiye funso lalikulu posankha pulogalamu ndi ili: kodi anthu anayi angagwire ntchito imodzi nthawi imodzi osafufutirana?

Tiyambe ndi mkulu wa onse, Avid Media Composer, yemwe anatuluka mu 1989. Makampani akuluakulu a mafilimu ndi a kanema ku America ndi ku Britain amaidalira mpaka lero, osati chifukwa chokongola ayi. Chinsinsi chake n'chakuti zithunzi zimaikidwa m'timabokosi totchedwa ma bin. Wina akatsekula bin kuti asinthemo, pulogalamuyo imaikhoma; anzake akhoza kuona zili m'katimo koma sangakhudze kanthu mpaka mwiniyo atatseka. Zili ngati kope la notsi la kalasi yonse: aliyense awerenge, koma cholembera chikhale m'dzanja limodzi. Vuto lake, njovuta kuiphunzira, ndipo mphamvu zakezi zimaoneka bwino pamene makompyuta onse alumikizidwa ku chosungira chimodzi chachikulu, zinthu zodula kwabasi.

Adobe Premiere Pro ndi yomwe ambiri okonza mavidiyo a nyimbo ndi a maukwati amaidziwa. Musaipeputse: filimu ya Everything Everywhere All at Once, yomwe inapata mphoto ya Oscar ya editing mu 2023, anaikonzera momwemu. Nayonso ili ndi njira zogawana ntchito, Productions ndi Team Projects. Koma siigulidwa kamodzi. Umalipira mwezi ndi mwezi kudzera pa intaneti, ndalama yake yakunja, ndipo ukasiya kulipira imakutsekera chitseko. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira m'dziko muno, gulu la ana asukulu lingakwanitse zimenezo eti?

Final Cut Pro ya Apple ndingoidutsa. Ndi yachangu, umagula kamodzi, koma imafuna zipangizo za Apple zokhazokha, komanso imakomera munthu wogwira yekha.

Ine mtima wanga uli pa DaVinci Resolve ya kampani ya Blackmagic Design ya ku Australia. Poyamba inkadziwika ndi kukonza mitundu, koma pano muli zonse: tsamba lodulira, tsamba la mitundu, tsamba la mawu lotchedwa Fairlight, ndi la zodabwitsa lotchedwa Fusion. Wamawu akhoza kumachotsa phokoso la chigayo kapena la njinga zamoto pamene wamitundu akuwalitsa nkhope zomwe zinada ndi mthunzi wa mtengo wa mango, onse mu pulojekiti imodzi. Chiyambire 2022 anthu okhala kutalikirana amatha kulumikizana kudzera pa Blackmagic Cloud. Chokoma kwambiri, pali mtundu wake waulere, wosaba, wovomerezeka ndi eni ake. Chowawa n'chakuti imadya mphamvu. Kompyuta yokalamba, ya memory yochepa, imangoima ngati ng'ombe yokana ngolo. Zikatero pali Kdenlive ndi Shotcut, zaulerenso komanso zopepukirapo, ngakhale zilibe njira yoti anthu angapo agwire nthawi imodzi.

Nanga CapCut ya pafoni ija timaikondayi? Pa kavidiyo ka mphindi imodzi ka pa WhatsApp kapena TikTok ndi yabwino ndithu. Sewero la mphindi 30 lokhala ndi makamera awiri, foni itentha ndipo malo adzaza.

Mawu amodzi oti muwasunge ndi proxy. Awa ndi makope ang'onoang'ono a zithunzi zenizeni, osawala kwambiri koma opepuka. Mumadula pogwiritsa ntchito makopewo, ndipo pomaliza pulogalamu imabwezeretsa zithunzi zenizeni m'malo mwake. Avid, Premiere, Final Cut ndi Resolve zonse zimachita zimenezi, ndipo n'zomwe zimapulumutsa kompyuta yofooka ndi bandulo yochepa.

A kalabu ya zisudzo mukafuna kujambula sewero teremu ino, yambani mwagwirizana za maina a mafayilo musanakhudze pulogalamu iliyonse: tsiku, nambala ya gawo, nambala ya kubwereza. Onse agwiritse ntchito pulogalamu imodzi, ya mtundu wofanana, chifukwa pulojekiti yosungidwa mu yatsopano nthawi zambiri siitseguka mu yakale. Zithunzi zisungidwe malo awiri osiyana, ndipo pasankhidwe munthu mmodzi yekha wololedwa kufufuta.