Phunziro: Shemagh, Nsalu ya M'chipululu ndi Ntchito Zake

Ambiri a ife timaiona Lachisanu ku mzikiti kapena pa tsiku la Eid: nsalu ya makona anayi, ya timizere tofiira ndi toyera kapena takuda ndi toyera, ili pamutu kapena paphewa pa achikulire. Ena anabwera nayo kuchokera ku Hajj, ena anaigula pamsika. Kuno ambiri amangoti chilemba, koma ku Saudi Arabia ndi ku Jordan dzina lake ndi shemagh. Poti timaiona kwambiri pa masiku a mapemphero, ana ambiri amaganiza kuti ndi chovala cha chipembedzo. Mbiri yake ikuonetsa kuti ndi chida cha anthu okhalira panja, monga mmene khasu lilili kwa mlimi. M'phunziro lino tiona komwe inachokera, ntchito zimene imagwira, ndiponso zimene singathe kuchita, chifukwa kudalira nsalu pa zinthu zoposa mphamvu yake kungatayitse moyo.

Komwe inachokera

Eni ake enieni a nsaluyi ndi alimi a m'maiko a Aarabu ndiponso a Bedouin, abusa a ngamila, mbuzi ndi nkhosa oyendayenda m'zipululu. Chipululu chimodzi chokha, chotchedwa Rub' al Khali, ndi chachikulu pafupifupi masikweya kilomita 650,000, kutanthauza kuti dziko la Malawi lingalowemo kasanu malo n'kutsala. Masana kumatentha koopsa, mphepo ikauka imanyamula mchenga wolasa m'maso, ndipo usiku wa nyengo yachisanu kumazizira kwambiri. Munthu woyenda masiku ambiri kumalo otere sangasenze katundu wochuluka, choncho chinthu chilichonse chimene watenga chiyenera kugwira ntchito zingapo. Nsalu ya thonje yotalika masentimita pafupifupi 120 mbali zonse zinayi inakwanira bwino pa zimenezi.

Mayina ake amasiyana malinga ndi dera. Ku Palestine amati keffiyeh, pomwe yoyera yopanda timizere, yofala ku Qatar ndi ku United Arab Emirates, amati ghutra. Chingwe chakuda chimene amaika pamwamba kuti nsalu isauluke ndi mphepo chimatchedwa agal, dzina lochokera ku chingwe chomangira mwendo wa ngamila kuti isathawe. Akhristu achiarabu a ku Jordan ndi ku Palestine nawonso amaivala. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, asilikali ena a Britain amene ankamenya nkhondo m'zipululu za kumpoto kwa Africa anatengera kavalidwe kameneka ataona kuti kakuwathandiza. Ku Palestine, nsalu ya alimiyi inasanduka chizindikiro cha mtundu wawo pa kuukira kwa 1936 mpaka 1939, ndipo fakitale ya Hirbawi mumzinda wa Hebron yakhala ikuiluka kuyambira 1961.

Mfundo ina yoti ophunzira aikumbukire ndi iyi: mwamuna amene wavala ihram pa Hajj kapena Umrah saloledwa kufunda kumutu, choncho shemagh amaivula ndipo amadziteteza ku dzuwa ndi ambulera.

Kamangidwe kake

Yalani nsalu, ndipo muipinde kuchokera kona imodzi kufika kona yoyang'anana nayo kuti ikhale ya makona atatu. Ikani pamutu, mbali yopindayo ili pamphumi, nsonga imodzi italikirepo kuposa inzake. Nsonga yaifupi ipite pansi pa chibwano, yaitali idutse pamphuno ndi pakamwa, kenaka mumange ziwirizo kumbuyo kwa mutu. Musamange mothina. Kampata ka mpweya pakati pa nsalu ndi khungu n'kofunika pa dzuwa ndi pa chisanu pomwe.

Pa dzuwa ndi fumbi

Ntchito yoyamba ndi mthunzi. Kapu wamba amasiya makutu ndi kumbuyo kwa khosi pamtunda, pomwe shemagh imaphimba zonsezi. Kukatentha kwambiri, inyowetseni, muifinye pang'ono, ndipo muikulunge m'khosi kapena kumutu. Madzi akamauma amatenga kutentha kuchokera pa chinthu chimene akhudzana nacho. N'chifukwa chake madzi a mumtsuko wadothi amazizira kuposa a m'chidebe cha pulasitiki. Njirayi imagwira bwino mpweya ukakhala wouma, monga mu Okutobala ku Mangochi kapena ku Chikwawa, ndipo mphamvu yake imachepa m'nyengo ya mvula pomwe mpweya uli kale ndi chinyezi. Botolo la madzi lokulungidwa m'nsalu yonyowa n'kuikidwa pamthunzi podutsa mphepo limazizira mwa njira yomweyi.

Pa msewu wafumbi, kapena popuntha ndi kupeta mbewu, nsalu yophimba mphuno ndi pakamwa imachepetsa fumbi lalikulu lolowa m'chifuwa.

Pa kuzizira

Ophunzira amene adzakwere phiri la Mulanje adziwe kuti nsonga ya Sapitwa ili pamtunda wa mamita 3,002, ndipo kumwamba kumazizira kwambiri, makamaka mu Juni ndi Julayi chiperoni chikabwera. Shemagh youma yokulungidwa m'khosi ndi m'makutu imasunga mpweya wofunda pafupi ndi thupi. Koma thonje likanyowa limachedwa kuuma ndipo limazizitsa munthu mmalo momufunditsa. Nsalu imene inatithandiza masana ili yonyowa ingatipweteke usiku ngati sitinaiumitse. Ikanyowa ndi mvula kumalo ozizira, ivuleni.

Pa ngozi

Ikapindidwa pa makona atatu, shemagh imafanana ndi bandeji ya makona atatu imene imapezeka m'mabokosi a thandizo loyamba. Mnzathu akagwa n'kuvulala mkono, tingaugoneke m'nsaluyo n'kumanga nsonga ziwiri kumbuyo kwa khosi kuti mkono usagwedezeke mpaka tikafike kuchipatala. Bala likamatuluka magazi ambiri, tipinde mbali yoyera ya nsalu, tiitsindire pabalapo mwamphamvu, ndipo tisamachotsechotse kuti tione ngati magazi asiya. Mwendo ukathyoka, nsalu ingamangirire ndodo ziwiri m'mbali mwake kuti fupa lisasunthe.

Wina akayamba kusokonezeka mutu, kudzandira kapena kukomoka chifukwa cha kutentha, imeneyo ndi ngozi yaikulu, chifukwa thupi lake lingakhale litapitirira madigiri 40. Tim'goneke pamthunzi, timuthire madzi, timuike nsalu zonyowa m'khosi ndi m'khwapa, timukupize, ndipo tifune galimoto yopita kuchipatala nthawi yomweyo. Kutentha kumapha: pa Hajj ya 2024, pamene ku Makkah kunatentha kupitirira madigiri 51, anthu oposa 1,300 anamwalira.

Pa madzi akumwa

Asayansi otsogozedwa ndi Rita Colwell anachita kafukufuku m'midzi ya ku Matlab ku Bangladesh, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2003. Amayi anaphunzitsidwa kusefa madzi a mumtsinje ndi m'mayiwe pogwiritsa ntchito nsalu yakale ya sari yopindidwa kanayi kapena kuposerapo. M'midzi imeneyo odwala kolera anachepa pafupifupi ndi theka. Chifukwa chake n'chakuti tizilombo ta kolera timamatirira pa tamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi, ndipo tamoyoto timakodwa m'nsalu. Shemagh ya thonje yopindidwa kangapo ingachotse matope ndi zinyalala mwa njira yomweyi.

Tionetsetse mawu akuti theka. Theka linalo anadwalabe. Ife tikukumbukira mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kusefa ndi sitepe yoyamba chabe. Madzi osefedwawo tiwawiritse mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena tithiremo mankhwala a chlorine monga WaterGuard motsatira malangizo a pabotolo. Nsalu imene tasefera tiichape ndi kuiyanika padzuwa tisanaigwiritsenso ntchito.

Ntchito zina zing'onozing'ono

Mukamanga makona anayi pamodzi imakhala mtolo wonyamulira mango, zovala kapena mabuku. Mukaipota imakhala nkhata yosenzera ndowa kapena nkhuni. Mukaimangirira pa timitengo imapereka kamthunzi ka munthu mmodzi. Mukaipinda imakhala mtsamiro. Ikakhala yaukhondo, ingayalidwe poswalira nthawi ikatipeza panjira. Yofiira imaonekera patali, choncho munthu wosochera angaimangirire kundodo n'kumaikupiza kuti omufuna amuone.

Zimene singathe kuchita

Choyamba, munthu akalumidwa ndi njoka tisamange nsalu mothina pamwamba pa balalo. Bungwe la World Health Organization limaletsa zimenezi chifukwa zimatseka magazi ndipo munthu angaduke chiwalo. Timuchotse mphete kapena wotchi, chiwalocho chisagwedezeke, ndipo timuthamangitsire kuchipatala.

Chachiwiri, nsalu siitchinga mpweya woipa wa mbaula ya makala m'chipinda chotseka, utsi wa moto, kapena mankhwala opopera mbewu. Pamenepo chofunika ndi kutuluka kupita kumene kuli mpweya wabwino.

Chachitatu, shemagh siilowa mmalo mwa helemeti. Pa kabaza wa njinga yamoto kapena yakapalasa, nsonga zolendewera zingakodwe m'gudumu kapena m'tcheni n'kukoka khosi. Tizilowetsa nsongazo m'malaya tisanakwere. Chimodzimodzinso pafupi ndi malamba a chigayo.

Chachinayi, nsalu siilowa mmalo mwa madzi akumwa. Munthu wofunda bwino kumutu amathabe madzi m'thupi. Ophunzira achialubino asasiye chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu poganiza kuti nsalu yokha yakwana.

Kwa makolo ndi a komiti

Nsalu zambiri zotsika mtengo za pamsika n'zopangidwa ndi polyester. Zimenezi sizimwa madzi bwino, ndipo zikakhudzana ndi moto zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Pogula, dontheza madzi pang'ono pakona: thonje limamwa msanga. Komabe sitikupempha kholo lililonse kuti ligule shemagh. Chitenje cha thonje chimagwira pafupifupi ntchito zonse zimene tatchulazi, ndipo amayi athu akhala akuberekera ana, kusenzera katundu ndi kufunda chitenje kuyambira kalekale. Pempho lathu ndi lakuti mwana aliyense wopita pa ulendo wa sukulu, ku masewera kapena kumunda azitenga nsalu imodzi ya thonje yochapa bwino pamodzi ndi botolo la madzi. Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti amene munafikako ku Makkah ndi ku Madinah, tikupemphani kuti mudzabwere kudzaonetsa ophunzira kamangidwe kosiyanasiyana kamene munaona kumeneko.

Mafunso okambirana m'kalasi ndi kunyumba

1. N'chifukwa chiyani nsalu yonyowa imathandiza kwambiri mu Okutobala kuposa mu Januwale?
2. Fotokozani masitepe awiri okonzera madzi a mumtsinje kuti akhale abwino kumwa.
3. Mnzanu walumidwa ndi njoka muli kutali ndi msewu. Kodi nsalu yanu mungaigwiritse ntchito yanji, ndipo simuyenera kuigwiritsa ntchito yanji?
4. Funsani amayi kapena agogo anu ntchito zisanu za chitenje, ndipo muziyerekeze ndi ntchito za shemagh.