Thupi Limaiwala Msanga

Werengani 1 Akorinto 6:19-20.

M'dzinja khasu limatilimbitsa thupi. Koma tikakolola, ambiri kuno ku Chadiza timatandala pamphasa, kutong'ola chimanga ndi kusenda nshawa. Pakapita masabata ochepa chabe minofu imafooka, mtima nawo umazolowera ulesi. N'chifukwa chake msana umaphwanya tsiku loyamba kusosa.

Bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza akulu kulimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata. Yendani ndawala mphindi 30 kwa masiku asanu, mpaka muzipuma mwamsanga koma mukutha kucheza. Kutero kumathandiza kutsitsa BP ndi shuga. Yambani ndi mphindi 10, muziwonjezera pang'onopang'ono. Odwala mtima ayambe afunsa kuchipatala.

Funso lokambirana: M'Chigwirizano chathu, ndani amene mungamayende naye m'mawa?